ZA M'MIMBA MWA ANA A OTIZIMU

Alipo ana ena amene akula mosiyana ndi anzao. Achedwa kulankhula kapena salankhula konse, sakonda kupenya munthu m'maso, ndipo abwereza chinthu chimodzimodzi kosaleka. Madotolo atcha mkhalidwe umenewu otizimu. Anaufotokoza ndiye Leo Kanner, dotolo wa ku Baltimore m'dziko la Amereka, m'chaka cha 1943, atapenyetsetsa ana 11. Sikulodzedwa ai, ndiponso si mlandu wa amake.

Tsono ana otere asauka kawirikawiri ndi m'mimba. M'chaka cha 2014 anthu anzeru a ku Amereka anasonkhanitsa zimene madotolo ambiri analemba, napeza kuti kudzimbidwa ndi kutsegula m'mimba zigwira ana a otizimu koposa katatu kulekana ndi ana ena. Choipa nchakuti mwana wosalankhula sangathe kunena kuti pakupweteka mpakuti. Angolira, kudzimenya, kukana nsima ndi kusagona usiku. Ndipo akulu ayesa kuti ndi mwano.

Nanga gwero lake nchiani?

M'matumbo mwa munthu aliyense, ngakhale wamoyo bwino, mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tina mwa ito ndi ta mtundu wa yisiti wofufumitsa mkate. Kotchuka ndi kaja kotchedwa Candida, kamene kachititsa zoyera zija za mkamwa mwa makanda. Anthu ena anati kameneka ndiko katupitsa matumbo a ana a otizimu ndi kusokoneza mutu wao.

Madotolo anaiyesa nkhaniyi. Ku Italy m'chaka cha 2017 anapima chimbudzi cha anthu 40 a otizimu ndi cha ena 40, napeza Candida wochulukirapo mwa a otizimu. Koma anthuwo anasiyanasiyana kwambiri, kotero kuti umboni sunalimbe. Ku Houston m'chaka cha 2022 anapima ana 50. Candida anapezeka mwa ena a otizimu ndi mwa ena opanda otizimu, ndipo kupezeka kwake sikunatsatane ndi kupweteka kwa m'mimba kapena ndi makhalidwe a mwana. Chizindikiro cha kutupa kwa matumbo chinaoneka mwa mwana mmodzi yekha. Ku Australia nako, m'chaka cha 2021, atapima ana 247, anaona kuti mwana wosankha zakudya ndiye akhala ndi mitundu yochepa ya tizilombo ta m'matumbo. Ndiko kunena kuti kadyedwe ndiko kasintha tizilomboto.

Chenjerani ndi mbiri inanso. M'chaka cha 1998 dotolo wa ku London, Andrew Wakefield, anafalitsa zakuti katemera wa chikuku atupitsa matumbo nadzetsa otizimu. Zinadziwika kuti nzonama: m'chaka cha 2010 kalata yakeyo inafafanizidwa, iye nachotsedwa pa ntchito ya udotolo. Chifukwa chake musamane ana anu katemera.

Makolo, chitani izi. Penyani masiku amene mwana apita kuchimbudzi, ndi maonekedwe a chimbudzicho. Mpatseni madzi abwino okwanira, ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso monga mapapaya. Ngati akana chakudya chachilendo, musamkakamize ndi ndodo. Muikireni pang'ono pambali pa chimene akonda, lero ndi mawa, kufikira azolowere. Akatsegula m'mimba, mumwetseni madzi a Thanzi. Mukaona magazi m'chimbudzi, kusanza kosaleka, kuonda kapena mimba yotupa, fulumirani naye kuchipatala. Ndipo akasintha khalidwe mwadzidzidzi, uzani dotolo kuti ayambe wapima m'mimba.

Musataye ndalama zanu kwa anthu ogulitsa mankhwala amene ati atsuka matumbo ndi kuchotsa otizimu, pakuti mankhwala otere kulibe. Koma kudzimbidwa kuchizika, kutsegula m'mimba kuchizikanso. Ndipo mwana amene m'mimba mwake mwakhala bata agona bwino, adya bwino, naphunzira mosabvuta.