Kupirira kwa Wophunzira Kulemba Mapulogalamu a Kompyuta

Mwa achinyamata a m'boma la Mangochi amene ayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, kaya ali pa sukulu ya ukachenjede ya DMI-St John the Baptist, kaya akudziphunzitsa okha pa foni ya m'manja ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Namwera, ambiri amayamba ndi changu chachikulu, koma miyezi isanapite patali mtima wazirala. Ndipo ngakhale iwo amanamizira masamu ndi Chingerezi, chimene chimawalefula kwenikweni ndi manyazi a kulakwitsa tsiku ndi tsiku pamaso pa makina osadziwa chifundo.

Pakuti kompyuta imachita chokhacho chimene yauzidwa, osaonjezapo kapena kuchotsapo kanthu. Tiyerekeze kuti mwana wa mayi wogulitsa usipa akulemba kapulogalamu m'chiyankhulo cha Python, chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anachitulutsa mu 1991, kuti kaziwerengera ndowa zimene mayi ake apikula kudoko. Iye walowetsa ndowa 5, nauza makina kuti achulukitse ndi maulendo 3, ndipo pamene akuyembekezera 15, taonani, patuluka 555. Makinawo sanapenge: chilichonse chimene munthu wataipa, Python imachilandira ngati malemba, kotero yangobwereza 5 uja katatu, kufikira atayiuza ndi kamawu ka zilembo zitatu, kakuti int, kuti imeneyi ndi nambala. Kachinthu kotere kangadye madzulo onse, monganso kuiwala timadontho tiwiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi if, kumene kumabweretsa uthenga wakuti SyntaxError. Woyamba kumene amauona uthengawo ngati chiweruzo pa nzeru zake, osazindikira kuti ukumulozera mzere umene pali bowo, monga msodzi wosoka khoka pamchenga amayendetsa zala mpaka apeze pong'ambika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zovuta za kunyanja kuno sitingazikane: magetsi amazima, bandulo ya intaneti imatha vidiyo ili pakati, ndipo kutentha kwa Okutobala kumagwetsa ulesi ngakhale munthu wolimba. Koma Python ikaikidwa m'makina siliranso intaneti, ndipo pulogalamu ingathe kulembedwa m'kope ndi pensulo, munthu n'kumaitsatira mzere ndi mzere ngati kuti iye ndiye kompyuta. Ine ndiyesa kuti wochita zimenezi amamvetsa koposa mnzake amene amangokopera za pa YouTube.

Gombe lomweli lili ndi mbiri ya ntchito imene poyamba inaoneka yopanda phindu. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala, ndipo pamene anasamukira ku Bandawe mu 1881, atasiya anzawo m'manda chifukwa cha malungo, anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Komabe Dr Robert Laws, mmodzi wa amishoniwo, sanaisiye ntchitoyo, ndipo mu 1894 anayamba sukulu ya ku Khondowe imene inaphunzitsa aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri a dziko lino. Akanaiweruza ntchito yake poona zaka zoyambazo, sukuluyo sikanakhalako.

Koma kupirira pakokha sikukwanira ngati munthu sakudziwa chimene akupiririra. Mapulogalamu a bungwe la Baobab Health, amene anayamba ndi kulemba maina a odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo pambuyo pake Amalawi anawakulitsa mpaka anafika m'zipatala zambiri zopereka ma ARV, anakula chifukwa panali namwino ndi wodwala amene ankawadikirira. Momwemonso wophunzira amene akudziwa kuti mayi ake, kapena mlembi wa banki m'khonde, akuyembekezera kapulogalamu kake Loweruka, sagona msanga ngati amene akungoyankha mafunso a m'buku. Asakhalenso yekhayekha, pakuti mutu umodzi susenza denga: mHub, imene Rachel Sibande anayambitsa ku Lilongwe, inakhazikitsidwa kuti okonda lusoli azikumana, ndipo chimene iwo amachita m'nyumba yaikulu, anthu atatu angachichite pansi pa mtengo wa mango ndi laputopu imodzi yobwereka.

Inu amene mwayamba, musadumphedumphe kuchoka pa Python kupita pa Java chifukwa mnzanu wanena kuti uko ndiko kuli ndalama. Sankhani chiyankhulo chimodzi, pezani munthu wa pakhomo panu amene akuvutika ndi mawerengero, mumulembere kapulogalamu ka mizere 20, ndipo kakakana kuyenda, werengani uthenga wonse umene makina akupatsani musanatseke laputopu.