MPIKISANO WOPALASA MOTSATA MPHEPO UFUNA OKONZA ANZERU

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mwezi wa June ukafika, anthu a m'boma la Chipata amadziwa kuti mphepo yozizira yocokera kum'mwera cakum'mawa yayamba. Kwa amayi kumudzi, iyi ndi mphepo youluzira mapira ndi nyemba. Kwa asodzi a ku Nyanja ya Malawi ndi mwera, umene umautsa mafunde ndi kugoneka mabwato pamcenga masiku angapo. Koma kuli anthu ena amene amayembekezera mphepo yotere monga mlimi ayembekezera mvula yoyamba. Amenewa ndi ocita mpikisano wopalasa coimirira motsata mphepo.

Pa masewera amenewa munthu amaimirira pa thabwa lopepuka loyandama, lotalika mamita 4 ndi pang'ono, atagwira nkhafi imodzi yaitali. Masewerawa anachuka ku zisumbu za Hawaii m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo afalikira m'maiko ambiri. Kupalasa coimirira si kwacilendo kuno ku Zambia. Pa mwambo wa Kuomboka, amuna opalasa bwato la Litunga lochedwa Nalikwanda amaimirira ulendo wonse wocokera ku Lealui kupita ku Limulunga. Cacilendo ndi kusandutsa mphepo kukhala bwenzi. Mphepo ikamaomba kumsana, mafunde amapita kumene wopalasa akupita. Iye amapalasa mwamphamvu kangapo kuti funde limunyamule, kenaka amapumula likumutsetsereza, mpaka atapeza lina. Cimwemwe conse ca masewerawa cagona pamenepa.

NCHITO YA OKONZA

Coyamba cimene okonza mpikisano ayenera kuvomereza ndi cakuti mphepo ilibe mfumu yoilamula. Akaumirira tsiku limodzi, angapeze madzi ali zii, ndipo opalasa adzatopa padzuwa popanda funde lowathandiza. Ndiye cifukwa cake okonza odziwa amapatula masiku angapo, nadikira kuti mwa masikuwo asankhe limene mphepo yaomba bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Caciwiri ndi njira. Iyenera kulunjika kumene mphepo ikupita, pakuti mphepo yoomba cam'mbali imakakamiza munthu kupalasa mbali imodzi yokha mpaka phewa kuwawa. Kutalika kwake kuyenerane ndi mphamvu za anthu. Ku Hawaii kuli mpikisano wocokera pa cisumbu ca Molokai kukafika ku Oahu, mtunda wa makilomita pafupifupi 52, umene unayamba mu 1997. Umenewo ndi wa akatswiri okhaokha. Kufupi ndi Cape Town ku South Africa, opalasa amakonda njira yocokera ku Miller's Point kukafika ku Fish Hoek, makilomita pafupifupi 12, imene munthu wozolowera amaimaliza akali ndi mphamvu zofuna kubwerezanso. Mpikisano wabwino umakhala ndi mtunda wa akatswiri ndi wina waufupi wa ophunzira.

Cacitatu ndi mayendedwe a pamtunda. Mpikisano wotsata mphepo suthera pamene unayambira. Munthu akatuluka m'madzi wanyowa ndiponso akunjenjemera, koma zobvala zake zili kutali kumene ananyamukira, sadzabweranso caka camawa ngakhale atapambana. Okonza apeze galimoto yonyamula anthu ndi matabwa kupita koyambira, ndipo zobvala zouma, madzi akumwa ndi cakudya cotentha zidikire kothera. Malo otherawo akhale a mcenga, obisika ku mafunde, ndi oonekera patali ndi mbendera yaikulu.

Cacinai ndi cilungamo. Acinyamata, akazi ndi acikulire anyamuke m'magulu awoawo, ocedwa patsogolo, aliwiro pambuyo, kuti onse akafike nthawi zoyandikana. Womaliza alandiridwe ndi nthungululu monga woyamba.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Wopempha mphepo wapemphanso mafunde, ndipo pamenepa ndi pamene pali moyo wa anthu. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo mwera umaomba motsata utali wakewo, kotero mafunde amakula pamene akupita kumpoto. Amalinyero a ngalawa za matanga anaona ubwino wake, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anayambitsa mpikisano wa masiku angapo m'mwezi wa July, wocokera kum'mwera kwa nyanjayo kulowera kumpoto. Koma pa 30 July 1946, nyengo yomweyo ya mwera, sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mafunde kumpoto kwa nyanjayo ndipo anthu 145 anamira. Ngati mafunde anagonjetsa sitima yacitsulo, thabwa la munthu mmodzi ndi ciani?

Ngozi yaikulu ya wopalasa coimirira ndi kusiyana ndi thabwa lake. Akagwa, mphepo imathamangitsa thabwalo mofulumira koposa mmene munthu angasambirire. Motero lamulo losasweka ndi lakuti aliyense amange cingwe colimba pakati pa thupi lake ndi thabwa, abvalenso jekete yoyandamitsa, ndipo akhale ndi wezulo yoitanira thandizo. Malaya akhale a mtundu wowala, pakuti mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka msanga.

Mabwato a injini ayende pambali pa opikisana, limodzi litsalire kumbuyo kwa womaliza. Maina onse alembedwe ponyamuka ndi kuwerengedwanso pofika, ndipo okonza asacoke pagombe mpaka nambala itakwana. Pakhale munthu mmodzi wopatsidwa mphamvu zoimitsa mpikisano mphepo ikapitirira muyeso, ndipo mau ake asatsutsidwe ndi aliyense, ngakhale amene anapereka mphatso. Asananyamuke, okonza akhale pansi ndi asodzi akuluakulu a pamalopo, amene amadziwa miyala yobisika, malo a mvuu ndi nthawi imene mphepo imatembenuka. Safunsa anadya phula.

NANGA IFE KUNO KUM'MAWA?

Cigawo ca Kum'mawa cilibe nyanja. Wofuna kuona mafunde a mwera ayenera kudutsa cipata ca Mwami, kupyola Mchinji ndi Lilongwe, mpaka kukafika ku Senga Bay m'boma la Salima. Mtsinje wa Luangwa, ngakhale uli ndi opalasa mabwato aluso, ndi mudzi wa ng'ona ndi mvuu, ndipo si bwalo la masewera. Cotsala kwa ife ndi madamu a m'midzi ndi m'mafamu, kumene mafunde ndi aang'ono koma kuya kwake n'kokwanira kumiza munthu.

Ngati kalabu ya acinyamata kapena sukulu ifuna kuyesa mpikisano wa mabwato pa damu, nzeru zonsezi zigwira nchito. Apemphe cilolezo kwa anyakwawa ndi kwa eni damu, makamaka ngati madzi ake ndi akumwa. Afunse a zaumoyo ngati m'madzimo mulibe likodzo. Wosadziwa kusambira asakwere bwato, ndipo woledzera abwezedwe. Anyamukire kumene mphepo ikucokera, akathere tsidya limene ikupita, kumene makolo adzakhala akuwadikira.

Mpikisano suyesedwa ndi kukula kwa cikho kapena kuculuka kwa alendo olemekezeka. Umayesedwa madzulo ake, pamene maina aitanidwa ndipo aliyense wayankha, ndi pamene opalasa eni ake afunsa okonza kuti tsiku lina lidzakhala liti. Makolo ndi aphunzitsi aonetsetse kuti mwana wawo asalowe m'madzi pa mpikisano umene okonza ake sangathe kunena amene adzamuwerenga akatuluka.