Ngalande kapena msewu: kusankha chitukuko m'makomboni a Kitwe ndi Ndola

Mu 2022 boma la Zambia lidakweza thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Kuyambira pamenepo, makomboni a ku Kitwe ndi Ndola ali ndi udindo wosankha ntchito yoyambirira ndi ntchito yoti idikire. Ndalamazo zidafika K36.1 miliyoni mu 2025, komabe n'zochepa m'mizinda iwiri imene kalembera wa 2022 adapeza kuti uliwonse uli ndi anthu opitirira 600,000. Gawo lina limalipirira ana sukulu ndi kupereka mpamba kwa amayi ndi achinyamata. Zolimbirana lotsalalo ndi misewu, makalasi, zipatala, mijigo, ngalande ndi zimbudzi.

Pempho limayambira kwa anthu a m'wodi. Komiti ya chitukuko ya wodiyo imasanja mapemphowo n'kuwatumiza ku komiti ya dera la phungu, ndipo akatswiri a khonsolo amaunika mtengo boma lisanavomereze. Kuunika kwabwino kumayang'ana zinthu zinayi: kuchuluka kwa anthu amene athandizidwe, ngozi imene ingagwe ntchitoyo ikachedwa, ntchito ina imene iyenera kutha iyo isanayambe, ndi amene adzaisamalire kontrakitala akachoka.

Mavuto a makomboniwa sadachokere kumodzi. Ku Wusakile, Chamboli ndi Mindolo, mgodi ndiwo unkapereka madzi, kukonza mapaipi a suweji ndi kuchotsa zinyalala, kufikira migodi itagulitsidwa pofika chaka cha 2000. Kumeneko vuto ndi mapaipi okalamba amene akutumikira mabanja ochuluka kuposa amene adawamangira. Ku Ipusukilo ndi Mulenga mu Kitwe, komanso ku Chipulukusu ndi Nkwazi mu Ndola, nyumba zidayamba kumangidwa mapulani kulibe.

Kumunsi kwa Chipulukusu, kumene komboni imatsetserekera kudambo, nkhaniyi imaoneka ndi maso. Madzi a pansi ali pafupi, moti wokumba chimbudzi amawapeza dzenje lisanafike patali. Mabanja ambiri amakweza chimbudzicho ndi njerwa n'kumakwera masitepe polowa. Chitsime chimakhala pabwalo lomwelo, chovindikiridwa ndi chidutswa cha lata. Mvula ikalimba mu Januwale ndi Febuluwale, madzi ochokera kumtunda amadza ndi mapepala apulasitiki, mabotolo ndi nyenyeswa za makala, n'kutseka tingalande timene anthu adakumba ndi makasu. Zimbudzi zimasefukira, madzi akudawo n'kuyenderera m'zitsime. Pakhomo amasanja matumba a mchenga, ana amapita kusukulu nsapato zili m'manja, ndipo makoma a zidina amanyowa kuyambira pansi mpaka ena kugwa. Wogulitsa tomato amakweza benchi pamiyala, madzi akudutsa pansi pake. Pamsonkhano wa wodi, mabanja a kumunsi kuno amapempha ngalande, pamene a kumtunda, amene madzi awo amatsikira kunoko, amapempha msewu woti minibasi zizifika.

Mkangano waukulu wagona pa malo ngati amenewa. Mbali ina, imene imamveka kwambiri pakati pa okonza mapulani a mizinda, imati ndalama za boma zisathiridwe mudambo. Dambo limasunga madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kupita mu mtsinje wa Kafubu, umene Ndola imamwa. Kumangamo ngalande za simenti kumathamangitsira madzi kwa okhala kumunsi, ndiponso kumakopa ena kudzagula mapuloti pamalo osayenera kumangapo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, choncho a mbali iyi amati ndalamazo zikonzere mabanjawo malo ena okwera.

Mbali inayo imati mabanja ambiri akhala pamenepo zaka makumi angapo, ana adabadwira pomwepo, ndipo malo okwerawo amalonjezedwa koma saoneka. Imakumbutsanso kuti dziko lidavomereza kale kutukula makomboni otere: lamulo la 1974 lidalola kuti azindikiridwe ndi kuti okhalamo azipatsidwa chilolezo cha zaka 30, ndipo lamulo la mapulani a mizinda la 2015 lidapitiriza njira yowazindikirayo. Kolera amene adapha anthu opitirira 700 m'Zambia pakati pa 2023 ndi 2024 adafala kwambiri m'malo a zimbudzi zokumba ndi zitsime zosazama. Matenda oyambira kumunsi amakafika kumsika ndi kusukulu kumene a kumtunda nawo amapita.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma kasankhidwe kokweza manja pamsonkhano sikatha kuzilekanitsa, chifukwa opambana ndi amene abwera ambiri. Chimene chingathetse mkanganowu ndi mapu osonyeza pamene madzi amafika chaka chilichonse. Nyumba zimene zili pakati penipeni pa njira ya madzi n'zofunika kusamutsidwa, eni ake atapatsidwa malo enieni. Zotsalazo n'zofunika ngalande yokumbidwa kuyambira kumunsi kukwera kumtunda, zimbudzi zomangidwa mkati kuti zizipopedwa, ndi madzi a m'mapaipi. Msewu ubwere pambuyo, pakuti msewu wopanda ngalande m'mbali umakokoloka m'dzinja loyamba.

Pali zoopsa zina zimene wodi singazithe yokha. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi lidaphulika ku Chambishi, asidi n'kulowa m'mitsinje ya Mwambashi ndi Kafue, ndipo madzi a m'mipopi ku Kitwe adatsekedwa kwa masiku angapo. Chitukuko cha madzi m'komboni chimadalira mtsinje umene ena akuuipitsa kutali.

Kasamalidwe ndiko kamaiwalika kawirikawiri. Kalasi yatsopano ndi shedi ya pamsika zimatsegulidwa ndi mwambo, pamene kuchotsa mchenga m'ngalande mu Okutobala, mvula isanagwe, kulibe mwambo uliwonse. Ntchito imene ilibe munthu ndi ndalama zoisamalira chaka ndi chaka siyenera kukhala pamwamba pa mndandanda wa wodi.