"MICHIRA YA KHOSWE" PA DUWA LA M'NYUMBA SI MATENDA AI

M'nyumba zina za mumzinda wa Tete ndi m'tauni ya Ulongwe mumapezeka kaduwa ka masamba ochindikala, owala ngati apakidwa mafuta. Amai amakaika pa zenera kapena pakhonde m'kachitini, ndipo kamatha zaka popanda kuvuta munthu. Tsono tsiku lina mwini wake akudzuka m'mawa angoona timizere tating'ono, tatitali, tataima njo pakati pa masamba. Tilibe mtundu wokongola, tilibe pfungo, tikungofanana ndi mchira wa khoswe.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Ena amayesa kuti duwa ladwala, nalitaya kudzala. Ena amathamangira mankhwala a mbozi a kumunda nayamba kupopera m'nyumba momwe mukukwawa ana. Ndalama zapita, moyo wa ana waikidwa pachiswe, chikhalirecho duwalo lili bwino lomwe. Timichira timeneto ndiwo maluwa ake.

Dzina la chomerachi ndi peperomia. Anachitcha dzinali ndi akatswiri awiri a zomera a ku Spain, Hipólito Ruiz ndi José Pavón, m'chaka cha 1794 atabwerako ku ulendo wao wa ku Peru ndi Chile. Dzinali lichokera ku mau a Chigiriki otanthauza "chofanana ndi tsabola", pakuti peperomia ndi mbale wake wa tsabola wakuda wa timbulumbulu uja amagulitsa m'sitolo. Mitundu yake ipitirira 1,000, ndipo yambiri kwao ndi ku nkhalango za ku Central ndi South America. Wa masamba a mizeremizere ngati chivwende ndi wa ku South America, wa masamba a makwinya ndi wa ku Brazil.

Nanga duwa lotani lopanda kukongola? Munthu akayang'anitsitsa kamchirako aona kuti kali ngati ngala ya mchewere yaing'ono. Kadontho kali konse pa ngalayo ndi duwa palokha, laling'ono kwabasi, lokhala ndi timitu tiwiri ta mungu ndi kamodzi kobala mbeu. Lilibe timasamba tofiira kapena tachikasu tija timakometsa maluwa ena. Motero amene akudikira kuti kamchirako kamasule adzadikira mpaka kalekale, chifukwa kanamasula kale.

Kawirikawiri peperomia amatulutsa ngalazi akakhwima ndiponso akamalandira kuwala kokwanira, makamaka nyengo yotentha. Ndiye kuti mwini wake wasamala bwino, ayenera kunyadira. Koma amene duwa lake silinatulutsepo asade nkhawa, pakuti ena amakhala zaka osaonetsa ngala, ali athanzi ndithu. Ulemerero wa chomerachi uli m'masamba.

Funso lina nlakuti, kodi ngalazo zidulidwe kapena zisiyidwe? Zonse ziwiri nzabwino. Wozisiya adzaona kuti pakapita masabata angapo zimafota zokha, ndipo apo azichotse. Wozida atenge sizasi yoyera nadule m'munsi mwenimweni, duwa silimva kanthu.

Mdani weniweni wa peperomia ndi madzi ochuluka. Kwao kunkhalango mitundu yambiri imamera pa makungwa a mitengo ndi pa zipika zowola, kumene madzi sakhalitsa. Mizu yake njochepa, ndipo masamba ochindikala aja amasunga madzi. Tsono mai wachikondi amene amathirira m'mawa ndi madzulo akulipha mosadziwa. Mizu imaola, tsinde limada ndi kufewa, masamba nayamba kuyoyoka. Poona kufotako amaonjezeranso madzi, basi duwa latha. Njira yake njapafupi: apise chala m'dothi, akapeza kuti pamwamba pauma ndiye athirire. Kachitini kakhale koboola pansi, ndipo dothi lisakanizidwe ndi mchenga kuti madzi azidutsa msanga.

Malo nawo ngofunika. Dzuwa la ku Tete la mu Okutobala ndi Novembala limawamba masamba, choncho duwa likhale powala koma losaombedwa ndi dzuwa la masana. Ku mapiri a Angónia vuto ndi chisanu cha mu Juni ndi Julai. Nyengo imeneyo lisagone pakhonde, lilowe m'nyumba, ndipo madzi achepetsedwe.

Chooneka choyera chimene chiyenera kudetsa nkhawa ndi tizirombo tonga thonje tobisala m'mphanda za masamba. Timeneto timayamwa madzi a chomera, koma sitifuna mankhwala a kumunda. Kansalu konyika m'madzi a sopo pang'ono nkokwanira kutipukuta.

Ndipo amene mnansi wake walisirira duwali asamuuze kuti adikire mbeu za pa ngala. Angothyola tsamba limodzi pamodzi ndi kaphesi kake, kapena kansonga ka nthambi, nampatsa kuti akazike m'dothi lonyowa pang'ono pamthunzi. Pakapita masabata angapo mizu imatuluka, kenaka timasamba tatsopano. Ndimo mmene duwali limayendera khomo ndi khomo popanda kutulutsa ngakhale metikali imodzi.