Chiphe Chimene Chimatsata Mkaka wa Mayi

M'chaka cha 2016, pa chilumba cha Tiree ku Scotland, anthu anapeza namgumi wamkazi wa mtundu wa orca atafa m'mbali mwa nyanja. Akatswiri atapima mafuta ake anapezamo mankhwala otchedwa PCB ochuluka koopsa. Anaonanso kuti namgumiyo, amene ankamutcha Lulu, sanabalepo mwana, ndipo nkhani yagona pamenepa.

Namgumi si nsomba ayi. Amabala ndi kuyamwitsa monga ng'ombe. Mankhwala a PCB, amene kale ankathiridwa m'mathiransifoma a magetsi, ndiponso DDT, saola msanga, ndipo amasungunuka m'mafuta koma osati m'madzi. Nyama ikawameza pamodzi ndi chakudya amakhazikika m'mafuta ake zaka ndi zaka. Yamphongo imafa nawo, monganso yaikazi yosabala. Koma yoyamwitsa imasungunula mafuta omwewo kuti ipange mkaka, kotero kuti chiphe chimene yasonkhanitsa chibadwire chimatsikira mwa mwana. Mu 1989 akatswiri a ku South Africa anaonetsa kuti dolphin ya ku gombe la Natal imapatsira mwana wake woyamba pafupifupi magawo 80 mwa 100 a chiphe cha m'thupi mwake. Popima mkaka wa amayi a ku KwaZulu-Natal, kumene nyumba zinapoperedwa DDT polimbana ndi malungo, anapeza zofanana: wachisamba ndiye amalandira zambiri. Pangano la maiko la ku Stockholm la 2001, limene Malawi analowamo, linaletsa kupanga PCB ndi kulola DDT pa ntchito yopha udzudzu.

Tsono munthu wa ku Mponela kapena ku Malomo angafunse kuti za m'nyanja yamchere zikumukhudza bwanji. Yankho lili m'nkhokwe. Ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi kumalimidwa mtedza ndi chimanga, ndipo mbeu zimenezi zikasungidwa zisanaume zimachita chuku, chimene chimatulutsa chiphe chotchedwa aflatoxin. Chiphechi chinadziwika pambuyo pa 1960, pamene nkhukundembo zokwana 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Chimaononga chiwindi, ndipo kuphika sikuchithetsa. Mayi akachidya, gawo lake limatulukira mumkaka. Chimodzimodzinso ng'ombe yodyetsedwa madeya oola.

Pali zizolowezi ziwiri zimene alangizi a Boma akhala akudzudzula, ndipo sakulakwa. China ndicho kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa. Chinacho n'choipa koposa: mtedza wabwino umapita ku msika, pamene wofota ndi wakuda, umene wogula waukana, umasinjidwa kukhala nsinjiro za m'ndiwo ndi za m'phala la mwana.

Komabe mayi wa ku Ntchisi ali ndi mwayi umene namgumi alibe. Aflatoxin siunjikana m'mafuta monga PCB. Chakudya chikasintha, mkaka umayera m'masiku ochepa. Chifukwa chake aphunzitsi ndi antchito a Boma pofotokoza nkhaniyi asaopseze amayi kuti aleke kuyamwitsa, pakuti bungwe la WHO limalangizabe kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba. Chofunika kunena pa msonkhano wa kwa mfumu ndicho kuumitsa mtedza usanalowe m'thumba, kusanjika matumba pa thandala, ndi kutaya wa chuku, osaupatsa ngakhale ng'ombe ya mkaka.