Kupima Magazi Amene Mtima Upopa Popanda Kubaya Wodwala

Anthu a ku Kasisi m'boma la Chongwe ali pafupi ndi cipatala ca matenda a mtima ca National Heart Hospital, cimene cinayamba nchito mu 2021 kufupi ndi bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Pa cipatala ca mtundu umenewu, funso lalikulu pa wodwala wofooka ndi lakuti: kodi mtima wake ukupopa magazi oculuka bwanji?

Mtima wa munthu wamkulu amene akupumula umagunda pafupi-fupi ka 70 pa mphindi, ndipo kugunda kulikonse kumatulutsa magazi okwana ngati mamililita 70. Pamodzi ndi pafupi-fupi malita 5 pa mphindi. Kupima BP kokha sikuulula zimenezi, pakuti mtima ukayamba kufooka mitsempha imadzipanikiza, ndipo BP imatha kuoneka yabwino pamene impso ndi ziwalo zina zikulandila magazi ocepa.

Njila yodziwika kwambili yopimila inabwela mu 1970 ndi madokotala Jeremy Swan ndi William Ganz a ku Los Angeles. Kapaipi kakang'ono kamalowetsedwa mu mtsempha, nthawi zambili wa m'khosi, n'kupyola mu mtima kufikila mu mtsempha wopita ku mapapo. Njilayi imafuna katswili ndi cipinda ca odwala mwakayakaya, ndipo imatha kubweletsa tizilombo m'magazi kapena kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Njila ya magetsi, imene madokotala amaicha bioimpedance, sibaya munthu. William Kubicek ndi anzake pa yunivesite ya Minnesota anaifotokoza mu 1966, pa nchito yothandizidwa ndi bungwe la NASA, limene linali kufuna kuona mitima ya anthu opita m'mlengalenga. Wodwala amamatidwa tuzigamba pakhosi ndi m'munsi mwa cifuwa. Tuzigamba twina tumatumiza magetsi ocepa kwambili, oti munthu sawamva n'komwe, ndipo twina tumapima m'mene magetsiwo adutsila.

Cinsinsi cake cili m'magazi. Magetsi amadutsa mosavuta m'magazi kuposa m'mafupa, m'mafuta kapena mu mpweya wa m'mapapo. Mtima ukagunda, mtsempha waukulu wa m'cifuwa umadzala, ndipo kwa kanthawi kocepa magetsi amapeza njila yofewa. Makina amawelenga kusintha kumeneku pa kugunda kulikonse, kenaka pogwilitsa nchito msinkhu ndi kulemela kwa munthuyo amawelengela kuculuka kwa magazi.

Apa m'pofunika kumvetsa bwino: makinawa sapima magazi enieni, amangoyelekeza mwa masamu. Cinthu ciliconse cosintha njila ya magetsi m'cifuwa cimawasokoneza. Madzi m'mapapo, kunenepa kwambili, kunjenjemela, ngakhale thukuta lomasula tuzigamba, zonsezi zimapotoza manambala. Mu 2010, ofufuza Peyton ndi Chong anasonkhanitsa zotsatila za kafukufuku wambili ndi kupeza kuti njilayi imasiyana ndi ya kapaipi ndi mapelesenti opitilila 40, pamene malile amene akatswili ambili amavomeleza ndi 30.

Kuno kwathu vuto limeneli si laling'ono. Ana ndi acinyamata ambili amene amafika kwa madokotala a mtima ali ndi mavavu oonongeka ndi matenda amene amayamba ndi zilonda za pakhosi zosacizidwa. Vavu ikamadontha, magazi ena amabwelela m'mbuyo, ndipo makina amagetsi satha kusiyanitsa bwino opita ndi obwelela. Odwala otelewa amafunika sikani ya mtima, imene imaonetsa mavavuwo.

Pamene njilayi ithandiza kwambili ndi pa kutsatila munthu mmodzi kwa nthawi. Ngati wodwala wapatsidwa mankhwala kapena madzi a dilipu, dokotala amaona pa makina ngati magazi opopedwa akukwela kapena kutsika, ndipo angabweleze kupima mawa lake popanda singano.