Kodi mumadziwa kuti mahatchi amavina pa mpikisano?

Ana a ku Phalombe amadziwa bwino njinga ndi ngolo, koma kuli masewera ena otchedwa dressage, momwe hatchi imayenda, kutembenuka ndi kuima mwaluso potsatira zizindikiro za wokwera.

• Malamulo ake amakhazikitsidwa ndi bungwe la FEI, lomwe linayamba mu 1921 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, Switzerland.

• Achinyamata amagawidwa potengera zaka: ana a zaka 12 mpaka 14, okwera timahatchi tating'ono 12 mpaka 16, achisodzera 14 mpaka 18, ndipo okulirapo 16 mpaka 21.

• Bwalo lake limatalika mamita 60 ndipo m'lifupi ndi mamita 20. Oweruza amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10 pa kayendedwe kalikonse.

• Wokwera saloledwa kulamula hatchi ndi mawu. Amagwiritsa ntchito miyendo, zingwe ndi kakhalidwe kake pa chishalo.

• Chipewa choteteza mutu n'chokakamiza. Hatchi ikapezeka ikutuluka magazi kapena ikutsimphina, imachotsedwa mumpikisano.

• Amayi analoledwa koyamba kupikisana pa masewerawa pa Olimpiki mu 1952 ku Helsinki. Lis Hartel wa ku Denmark, yemwe miyendo yake inapuwala ndi poliyo, anapata mendulo ya siliva.

Kuno kwathu anthu amakwera mahatchi ku Kande m'boma la Nkhata Bay. Makolo, phunzitsani ana kukoma mtima kwa ziweto, pakuti luso limeneli limayambira pamenepo.